Kupumira Amalume

"Usapiteko," anatero Agogo, ataima pakhomo la kuchipinda manja ali m'chiuno. "Mimba yatsika imeneyo. Ndakuona kuyambira dzulo, ukuyenda ngati bakha. Munthu mwezi wake ukakwana sakakhala pa mpando wouma pamaso pa anthu odzaza holo. Akazi a m'banja lathu sachedwa, ndikukuuza. Mayi ako anabadwira pa masitepe, ine ndikuti ndikatenge nsapato."

Mdzukulu wawoyo anali pabedi, akupaka utomoni pa uta wa vayolini wake pang'onopang'ono, ngati mawuwo akupita kwa khoma. Kunyumba ndi kuntchito komwe anthu ankangomuti Makani, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi.

"Wandimva kodi, nkhutukumve iwe?"

"Ndamva, Agogo. Ndi masana ano basi. Tikatha ndibwera kudzagona mpaka mudzatope nane."

"Nanga msanawo ukuugwiriranji?"

"Ndi msana wanga, Agogo."

Msanawo unali utayamba kumukoka kutangocha, koma Makani anati ndi bedi.

Agogo ndi amene anamulera, ndipo anamulera ndi machenjezo monga ena amalerera ndi mkaka. Vayolini analowa m'nyumbamo kudzera pakhoma. Kukhomo loyandikana nawo kunkakhala mphunzitsi wa nyimbo, ndipo kamtsikanako kankamata khutu pakhomapo mpaka tsaya kutuwa ndi laimu. Mphunzitsiyo atakabwereka kavayolini kakang'ono, Agogo anati khosi lidzapindika, adzayenda choyang'ana kumbali moyo wake wonse. Pansi pa chibwano patatuluka banga lakuda, pamene pamakhala vayolini paja, anamukokera kuchipatala, ndipo namwino anaseka mpaka kugwira tebulo. Makani atayamba kukana mpeni pofuna kusunga zala zake, Agogo anati palibe mwamuna angakwatire mkazi woopa anyezi. Anapezeka mwamuna wokonza malifiti okweza anthu m'nyumba zosanja, wodekha ngati madzi a mumtsuko, amene ankaduladula yekha anyeziyo akuimba mluzu.

Tsiku lokayesedwa ntchito ku gulu lalikulu la oimba, Makani anauzidwa kuti akaimbira kuseri kwa katani, atavula nsapato, kuti oyesawo asadziwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Agogo atamva zimenezo anaphimba kumaso. "Ntchito yanji yolemba munthu osamuona nkhope? Ndi akuba amenewo. Ukatuluka nsapato zako palibe." Nsapato anazipeza, ntchito anaipeza, koma Agogo sanapondeko ku holo ngakhale kamodzi. Ankati nyumba yodzaza anthu, magetsi ozimitsa, zitseko zotseka, ndi msampha, ndipo pa mfundo imeneyo sananame.

M'gulu lotere oimba vayolini amakhala awiriawiri, kuwerenga pepala limodzi loimikidwa pa kachitsulo kamene amati sitandi. Wokhala mbali ya anthu ndi wamkulu, wokhala mkati ndi amene amatembenuza masamba. Makani anamukhazika pa sitandi yachitatu, pambali pa bambo wa imvi amene gulu lonse linkawatchula Amalume. Bambowo ndi amene anamuphunzitsa ntchito yeniyeni, ija yosalembedwa. "Muno ukamadzimva wekha, walakwa," ankatero. Anamuphunzitsa kuwerenga chete, chifukwa kuimba aliyense amatha, koma kudziwa polowera mutakhala duu nthawi yaitali ndi pamene pamagwera anthu. Anamuphunzitsanso kumasuliratu masiwiti a chifuwa asanakwere pa nsanja, kuti pepala lisachite phokoso.

Makani anaika uta pansi n'kuyang'ana Agogo.

"Khalani pansi, ndikuuzeni. Koma musauze munthu."

"Ine ndimauza ndani?"

"Amalume saona."

Agogo anakhala pansi.

Zinadziwika mwangozi, zaka zingapo zapitazo. Tsiku lina akuyeserera, Makani anatembenuza masamba awiri pamodzi. Iye anasokera, koma Amalume anapitiriza osaphonya, maso ali pa tsamba lolakwikalo. Atawafunsa pa nthawi ya tiyi, anatulutsa mpango n'kupukuta magalasi amene sankawathandizanso. M'mbali ankaona, poyenda sankagunda mipando, koma chilichonse chimene achiyang'anitsitsa chinkabisala mu mtambo. Adokotala anati palibe chochita. Nyimbo zinalibe vuto, zonse zinali m'zala, ndipo zatsopano ankaziloweza kunyumba pomvetsera. Chimene sankaona ndi kandodo ka wotsogolera gulu. Ndipo wotsogolerayo, amene ankamutchula a Thukuta chifukwa malaya ankatha kuwafinya nyimbo ikatha, anali munthu wosadalirika: lero athamanga, mawa akoka, kutengera mmene adzukira.

Ndiye awiriwo anagwirizana. Pofika polowera, Makani ankakoka mpweya m'mphuno mwamphamvu pang'ono, ndipo Amalume ankatsitsa uta. A Thukuta akafuna kuti liwu litsike, Makani ankaponda nsapato ya Amalume, akafuna likwere ankachotsa phazi. Nsapato yawo yakumanzere inali yophwanyika pamwamba, ndipo anzawo ankangoti ndi ukalamba.

"Mabwana akadziwa awapumitsa tsiku lomwelo," anatero Makani. "Mwaulemu, ndi keke, ndi mawu okoma. Koma iwo akufuna kutsika okha ndi miyendo yawo. Lero ndi tsiku lawo lomaliza, Agogo. Nyimbo ya lero ndi yomwe anaimba tsiku loyamba ali mnyamata. Ndikapanda kupita, pampando wanga pakhala munthu wosadziwa kanthu, ndipo Amalume achita manyazi pamaso pa ana awo ndi adzukulu awo."

Agogo anati, "Ndiye maso a nkhalamba akhale mkazi wapakati? Anthu inu mulibe mantha." Anadzuka n'kutuluka. Makani anamva makabati akutsegulidwa, madilowa akukokedwa. Atatuluka ndi diresi lake lakuda, lomwe telala anali ataliwonjezera kawiri, anapeza Agogo atavala zopitira kutchalitchi, atakumbatira chikwama chachikulu ngati mwana wa ng'ombe.

"Mukupita kuti?"

"Kumsampha kwakoko. Ukuganiza ndikusiya wekha?"

M'chikwamamo munali matawulo, mabulangete, lumo lophikidwa, ulusi, sopo, botolo la madzi otentha, tizipewa titatu ta mwana, ndi tochi, poti magetsi sadalirika. Mwamuna wa Makani anali atayitanidwa ku lifiti ina imene inaima ndi anthu mkati, tsidya lina la mzinda. Anati akumana ku holo.

Pakhomo la oimba mlonda anati chikwama chitsale. Agogo anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Mwana wanga, unayamba waonapo mutu wa munthu ukutuluka? Ayi? Ndiye chotsa dzanja." Mlonda anachotsa dzanja, n'kuwaperekeza yekha mpaka pa mpando wa kutsogolo.

Kuseri kwa nsanja kunali piringupiringu wa masiku onse. Mabokosi a zoimbira ali yasa, wina akusaka batani, wina akuyesa lipenga chapansipansi, fungo la utomoni ndi polishi. Wa lipenga, bambo wa mimba yake, atamuona Makani anakuwa, "Eee, lero pa sitandi yachitatu pakhala atatu! Wachitatuyo wabwera ndi vayolini wake?"

"Nanga wanuyo abadwa liti, achimwene?" anayankha Makani, akuloza mimba ya bamboyo. "Mwakhala mukuyembekezera chilowereni ine ntchito."

Onse anafa nacho chiseko. Mayi wa zeze wamkulu, amene anali ndi ana asanu, sanaseke kwambiri. Anamugwira Makani pamkono n'kumuyang'ana m'maso. "Achemwali, nkhopeyi ndikuidziwa."

"Ndi msana chabe."

"Inenso ndinkati msana."

Amalume anali pakona, atavala suti yawo yakale yonyezimira m'zigongono, akusisita nsambo ndi chala. Anamuzindikira ndi mayendedwe. "Wabwera, mphwanga? Ndimati agogo ako akumanga pabedi."

"Chingwe chinawachepera. Ali kutsogolo uko, ndi katundu."

"Agogo ako abwera? Ndiye lero ndiimba bwino, asakanene kuti unataya moyo wako pa anthu opanda pake." Anamupatsa siwiti yomasula kale.

Anakwera pa nsanja. Holo inali yodzaza mpaka m'mwamba. Pa mzere woyamba, pakati pa anthu a mafuta onunkhira, panali Agogo, chikwama pamiyendo, maso osati pa zoimbira, osati pa nyali, koma pa mimba. Wa chitoliro anapereka liwu limodzi lija lofananitsira nsambo, ndipo Makani akupotokola kachikhomo ka vayolini, msana unamukoka kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo ngati lamba womangitsa. Anadikira kuti upite. Unapita. Munthu wanzeru akanadzuka pomwepo, koma a Thukuta anali atalowa kale, anthu akuomba m'manja.

Nyimboyo inali ya zigawo zinayi. Chigawo choyamba chinayenda ngati madzi. Makani anakoka mpweya, mauta awiri anatsika pamodzi, ndipo chimwemwe chija chimene chinamugwira ali kamwana pakhoma chinamugwiranso: kukhala mkati mwa liwu lalikulu, losakhala lako, koma loti popanda iwe likanachepa. Amalume ankaimba ngati mnyamata. Thupi lawo linkapendama n'kuweramuka, phazi lakumanzere lili phee pansi pa phazi la Makani. Lamba uja anabwera kawiri, mwina katatu, koma nyimbo inali yothamanga ndipo Makani anangomukwirira m'menemo.

Chigawo chachiwiri ndi chodekha, ndipo pakati pake pali malo amene oimba amaopa. Gulu lonse limakwera, kukwera, kenako zii. Palibe woimba. Wotsogolera amasunga chete ameneyo mmene angafunire, manja ali m'mwamba, ndipo akatsitsa kandodo, mavayolini onse amalowa pamodzi ndi liwu limodzi lopyapyala ngati ulusi. A Thukuta ankakonda kukoka malo amenewo mpaka anthu kuiwala kupuma.

Chete anagwa. Mauta onse anali m'mwamba, akudikira. Makani maso ali pa kandodo. Ndipo pomwepo ululu unamubaya, osati lamba tsopano koma chitsulo, ndipo asanadzigwire anakoka mpweya m'mphuno, fwii.

Amalume anatsitsa uta.

Liwu limodzi, la vayolini mmodzi, linatuluka m'holo yonse ili duu.

Zaka zonsezi Makani anawasunga Amalume, ndipo lero wawagwetsa yekha, pa tsiku lawo, pamaso pa ana awo. Anaona mutu wa a Thukuta ukutembenuka, nsidze zitakwera mpaka m'tsitsi. Anaona wa sitandi yoyamba akuuma khosi. Amalume nawo anadziwa nthawi yomweyo, chifukwa pambali pawo panalibe liwu la mnzawo. Woimba wachinyamata akanadula, ndipo kudulako ndi kumene kukanaulula zonse. Iwo sanadule. Analigwira liwulo, n'kuliyendetsa pa uta pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula mbale yodzaza, n'kuyamba kulinjenjemeretsa ndi chala mpaka linafunda. Uta utafika kumapeto anaubweza osamveka msoko. Nkhope yawo inali m'mwamba, yodekha, ngati zonsezi anapangana.

A Thukuta anayang'ana nkhalambayo, thukuta likudontha pachibwano. Kenako anatsitsa kandodo pambali, n'kutambasula dzanja lamanzere, chikhatho m'mwamba, ngati akuti, tengani, ndi zanu. Anawasiya okha kanthawi ndithu. Pa mzere wachiwiri mayi wina anatulutsa mpango. Ndiyeno, mofatsa, anakodola mavayolini ena, ndipo analowa pansi pa liwu la Amalume mmodzimmodzi mpaka linasungunuka pakati pawo.

Chigawocho chitatha, anthu akutsokomola monga amachitira, Amalume anawerama ngati akukonza nsambo.

"Mpweya umene uja sunali wanga, eti?"

"Pepani, Amalume. Pepani."

"Pepani wa chiyani? Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna kuimba ndekha m'holo muno. Zayamba?"

"Imbani inu."

"Tsika, mphwanga. Zotsalazi ndilimba nazo."

"Chigawo chomaliza a Thukuta amathamanga ngati wakuba, mukudziwa. Sinditsika."

Kuchokera pa mzere woyamba kunamveka kunong'ona kwa mtundu wa Agogo, kumene kumafika mpaka kumsewu. "Iwe Makani! Ndakuona! Tsika pamenepo!" Anthu a mafuta onunkhira anati shii. Agogo anawayankha kuti shii yomweyo, n'kuyamba kumasula zipi ya chikwama.

"Mpweya usiye," anatero Amalume mofulumira. "Puma mmene ukufunira. Polowera uzindigunda ndi bondo. Masamba nditembenuza ine."

"Muwaona bwanji?"

"Ndakhala ndikumva pamene umatembenuzira. Khala tsonga."

Ndipo zinatero. Anthu odziwa mwambo wa gulu anadabwa kuona wamkulu wa pa sitandi akutembenuzira wamng'ono masamba, koma anati ndi ulemu kwa mayi woyembekezera. Dzanja la Amalume linkapita pa ngodya ya pepala pa nthawi yake yeniyeni, osaphonya ngakhale tsamba limodzi. Makani ankaimba ululu ukapita, ukabwera ankangoyendetsa uta m'mwamba osakhudza nsambo, mano ali pa mlomo, maso osachoka pa kandodo, bondo likugwira ntchito yake. Pamenepo Amalume ankawonjezera liwu kuti pa sitandi yachitatu pasamveke dzenje. Chigawo chachitatu ndi chovina, ndipo pakati pa ululu ndi ululu Makani anapezeka akuseka, misozi ili m'masaya, chifukwa nkhalambayo inkagwedeza mapewa ngati ili pa ukwati.

Chomaliza a Thukuta anathamangadi. Malipenga analira, ng'oma zinagunda mpaka mipando kunjenjemera, mavayolini akuthamangitsana kukwera. Bondo, uta. Phazi pansi, phazi m'mwamba. Atafika pa kugunda kotsiriza, Makani anamva chinthu chikuphulika mwakachetechete mkati mwake, ndipo madzi ofunda anatsikira m'nsapato. Nsupa inali itasweka. Anagunda bondo komaliza, mauta onse anakwera m'mwamba pamodzi, ndipo holo inaphulika.

Gulu linaimirira, kupatula Makani. A Thukuta analoza ndi manja onse awiri ku sitandi yachitatu. Amalume sanaone, anangoima akumwetulira khoma. Makani anawakankha ndi chigongono pa ntchafu. "Akukuitanani. Pitani kutsogolo, kumanja kuli waya." Anapita, mutu uli chopendama kuti aone njira, vayolini m'khwapa, n'kukaima pambali pa wotsogolera. Anthu anaimirira mizere yonse. Adzukulu a Amalume ankakuwa "Agogo! Agogo!" kuchokera m'mwamba. Oimba anzawo ankagunda pansi ndi mapazi, monga amachitira polemekeza mnzawo. Amalume anawerama kamodzi, mwaulemu, osafulumira, ngati munthu amene watseka yekha chitseko cha nyumba yake.

Makani anaona zimenezo mpaka kumapeto. Kenako anaona chikwama chikukwera masitepe a nsanja, Agogo ali kumbuyo kwake.

"Ndinati chiyani? Ndinati chiyani ine?"

"Agogo, vayolini…"

"Vayolini ndi amene akubala? Inu mayi, gwirani uko!"

Mayi wa zeze anali atafika kale. Awiriwo anamutulutsa chomukweza m'khwapa, anthu akuombabe m'manja, ena akuganiza kuti ndi gawo la mwambo. Chipinda chapafupi chinali chosungiramo zoimbira zazikulu, mmene mabokosi a mavayolini aakulu otalika kuposa munthu anaima m'mbali mwa khoma ngati alendo odikira. Anayala pansi chinsalu chokhuthala chofunditsira piyano, pamwamba pake mabulangete a Agogo. Mlonda anaimbira ambulansi. Ambulansi inati ikubwera, koma msewu wonse unali utatsekeka ndi magalimoto odzatenga anthu a ku holo. Anaimbira mwamuna wa Makani, ndipo anayankha ali pamwamba pa lifiti, akulira kuti atsala pang'ono kutulutsa anthu.

"Amuna!" anatero Agogo, akusamba m'manja. "Tsiku lonse kutulutsa ana a eni."

Panja pa chitseko gulu lonse linali litaunjikana m'kanjira, zoimbira zili m'manja, palibe wodziwa chochita. Makani atakuwa koyamba, Agogo anatsegula chitseko pang'ono n'kutulutsa mutu. Anaona amuna ambirimbiri a masuti akuda, makutu ali tcheru.

"Mwaima pamenepa kumvetsera chiyani? Mulibe manyazi? Inu a thukuta inu, si ndinu mkulu wawo? Auzeni aimbe! Mawu a mdzukulu wanga asamveke kwa amuna!"

Wotsogolerayo, amene palibe anamutchulapo dzinalo pamaso, anatambasula manja. "Mayi, mapepala onse atsala ku nsanja."

"Ndiye popanda pepala ndinu mbuli ngati ine?"

Chitseko chinatsekeka. Makani, ali chigonere pa chinsalu cha piyano, dzanja lili m'dzanja la mayi wa zeze, anamva kachete pang'ono, kenako liwu limene akanalizindikira pakati pa mavayolini chikwi. Amalume anayamba nyimbo yovina ija ya chigawo chachitatu. Ena anawatsatira ndi khutu, wina apa, wina apo, akuphonya, akuseka, wa lipenga akulowa posayenera. Oimba a mapepala aja anali ngati ana oyamba sukulu, ndipo nkhalamba inkawakoka onse, ikufuula, "Kumunsi, inu a kumbuyo! Bwerezani!" Itatha imeneyo inayamba ina, itatha ina inanso.

"Tamverani," anatero Makani pakati pa kupuma. "Wa chitoliro wasokera."

"Siya za chitoliro, kankha!" anatero Agogo. Manja awo, amene ankanjenjemera akamawoloka msewu, apa anali phee. Pakamwa pokha ndi pamene sipanapume. "Kubalira m'nyumba ya ng'oma. Pa nsalu ya fumbi. Mwana ameneyu akadzakhala wosamva musadzandifunse. Kankha, mwana wanga, kankha, waoneka tsitsi. Ndiwe wolimba iwe. Kankhanso!"

Kulira kwa mwana kunadula nyimbo pakati. M'kanjira munati zii, kenako kunabuka phokoso loposa la m'holo muja. Wa ng'oma anagunda chitseko cha kabati, wa lipenga analiza lipenga mpaka Agogo anatuluka n'kumuopseza ndi tawulo kuti aboola makutu a mwana.

Anali wamkazi, wonenepa, wa zala zazitali. Mayi wa zeze anaziona zalazo n'kuyang'ana Makani, ndipo onse awiri anagwirizana ndi maso kuti asanene kanthu Agogo ali pomwepo.

Anthu a ambulansi anafika zonse zitatha. Namwino wawo anayang'ana mchombo, anayang'ana mayi, n'kufunsa kuti mzamba ndani. "Mantha," anatero Agogo. "Mantha ndi amene amalongedza chikwama."

Pomutulutsa pa machira, oimba anapatuka mbali ziwiri za kanjira. Makani anapempha kuti aime pa Amalume. Nkhalambayo inapereka vayolini kwa mnzake, n'kupendeketsa mutu kuti imuone mwanayo ndi m'mbali mwa diso, kenako inamusisita tsaya ndi nsonga ya chala, yolimba ndi nsambo.

A Thukuta anali pomwepo, malaya atamatirira pathupi. "Amalume, liwu lija la pa chete. Mukanandiuza kuti mwakonza zotere. Mtima unangotsala pang'ono kuima."

Makani anafuna kulankhula, koma Amalume anamugwira phewa. Ntchito inali itatha, panalibenso choti wina awalande.

"Sindinakonze, bwana. Kandodo kanu sindinakaone zaka zingapo tsopano. Maso anga ndi awa agona pa machirawa."

A Thukuta anayang'ana nkhalamba, anayang'ana Makani, anayang'ana nsapato yophwanyika ija. Kenako anagwira mutu n'kuyamba kuseka mpaka kutsamira khoma. "Ine ndinkati mumandinyoza! Nthawi yonseyi ndikuti, bambo awa ndinawalakwira chiyani, osandiyang'ana ngakhale kamodzi!"

"Ngakhale ndikuona sindinkakuyang'anani kwambiri," anatero Amalume, ndipo kanjira konse kanagwa ndi chiseko.

Umu ndi mmene zinamuthera wosamva uja. Phwando lotsanzikana ndi Amalume, limene analisokera diresi, sanalione, keke anangomva kuti inali yokoma. Anatuluka m'nyumba ya ntchito yake atagona chagada, tsitsi lili nyankhalala, nsapato imodzi itasowa, anthu a mafuta onunkhira amene anali akudikirabe magalimoto akumuombera m'manja pa msewu. Mwamuna wake anafika akuthamanga, girisi mpaka m'zigongono, ndipo Agogo anamuletsa kukhudza mwana, mkazi, ngakhale chitseko cha ambulansi. Ndipo njira yonse yopita kuchipatala Makani analibe pothawira. Agogo anakhala pambali pake, bokosi la vayolini lili pamiyendo, atalikumbatira kuti lisagunde pa mabampu, akumuwerengera zonse zimene zikanachitika: magetsi akanazima, mwana akanabwera chamiyendo, lumo likanagwa. Makani ankangoti, "Inde, Agogo. Zoona, Agogo," mphuno ili pa mutu wa mwana wake.

Atatopa, Agogo anayang'ana pawindo kanthawi.

"Koma nkhalamba ija imaimba," anatero. "Usakaiuze."